Maplaketa Anga Anakulira M'thumba la Jekete

Pali zinthu zimene munthu angaiwale m'thumba la jekete osavulaza aliyense: mtedza, msomali, kachingwe komangira thumba. Ine ndinaiwalamo magazi anga, ndipo mpaka lero ndikulipirabe ndi miyendo.

Munali mu Juni, kuzizira kwa Lichinga kutafika poti mafuta ophikira agwirana m'botolo. Mutu unkandiwawa, choncho ndinapita ku kachipatala kathu ka kuno ku Sanjala. Malungo sanapezeke. Namwino anatenga magazi m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, n'kunena kuti makina oyezera ali ku laboratoriyo ya m'tauni.

"Muli ndi mota, tiyu. Mupite nako pompano, musadutse kwina."

Kuno mota ndi njinga yamoto, tiyu ndi malume. Ndinamulonjeza kuti ndikafika iye asanavule magolovesi. Koma pa merkado, msika wathu waukulu, ndinakumana ndi mkulu wa lole wa ku Nampula amene amagula mbatatesi zanga chaka ndi chaka. Tinagwirizana kuti abwera kumapeto kwa mwezi, ine ndikhale nditatulutsa matumba onse kumunda kwanga ku Chimbonila kufikitsa pamsewu (lole sifika kumundako, imafikako ndi mota yanga yokha, nayonso modandaula). Titasiyana ndinaona anzanga akusewera bawo. Ndinangoti ndione kamodzi. Kenaka wina anasewera molakwika, ndipo munthu wachifundo sangangoyang'ana. Kabotolo ndinakakumbukira dzuwa litapendeka, pofuna makiyi. Kanali kofunda ngati dzira loti nkhuku yangochokapo. Ndinakapukuta pa malaya, n'kukapereka ndi nkhope ya munthu amene wathamanga. A ku laboratoriyo anangokalandira osandifunsa kanthu.

Pepala la analizi, la zotsatira za magaziwo, litatuluka anandiuza kuti ndikaonane ndi dotora sabata yotsatira. Apa mundimvetse. Ine sukulu ndinangoilawa ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ndipo Chipwitikizi ndinachiphunzira pa matumba a feteleza ndi mabotolo a mankhwala a mbewu. Chilichonse cholembedwa ndimawerenga, ngakhale nyuzi yokulungira usipa. Ndiye munthu wotere mum'patse pepala lonena za magazi ake omwe, n'kumuuza kuti adikire sabata?

Mizere yonse inali phee, kupatula umodzi: VPM, kanambala, kanyenyezi pambali, ndi mawu akuti "alto", kutanthauza kuti yakwera. Ndinafunsa foni. Inandiuza kuti m'magazi muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa maplaketa, timene timathamangira pabala n'kugwirana kuti magazi aleke kutuluka, ndipo VPM ndi muyeso wa kukula kwake. Anga anali aakulu kuposa a anthu ambiri.

Ndinasiya kuwerenga pomwepo, chifukwa ndinaona kuti ndamva. Mlimi wa mbatatesi amadziwa chinthu chimodzi: zazikulu zimakwera lole, zazing'ono zimatsala za mbewu ndi za ana. Sindinaonepo munthu akulira chifukwa wakolola zazikulu.

"Amake Rosita," ndinaitana mkazi wanga, "bwerani muone mwamuna amene munakwatiwa naye. Ngakhale m'kati mwa thupi ndimabereketsa zikuluzikulu."

"Nanga mutu wasiya?"

"Mutu ndi nkhani ina."

Ndinakauzanso Che Musa, mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda, amene amasoka zovala pakhonde pawo. Anachotsa singano pakamwa n'kuti, "Mashaalla. Ndiye amenewo amagula ndani?"

Chimwemwe changa chinatha tsiku lomwelo nditadya nkhomaliro, pamene ndinati ndimalize kuwerenga kuti ndikadzitame bwino ku bawo. Foni inapitiriza kuti maplaketa aakulu amakhala achichepere, achangu, okonda kumatirirana. Pansi pake panabwera mawu a mtima, a mitsempha yotsekeka, a kufa ziwalo. Panalinso mzere wonena kuti muyeso umenewu paokha sunena zambiri, ufunika kuuona pamodzi ndi chiwerengero cha maplaketa ndi zina zonse, ndipo woyenera kuumasulira ndi dokotala. Mzere umenewo unalembedwa ndi zilembo zofanana ndi inzake, koma maso anga anaulumpha ngati chithaphwi.

Ndinayamba kuganiza ngati mlimi wothirira. Mitsempha ndi mapaipi. Kukazizira zinthu zimakhwinyata. Tsono mapaipi akhwinyata, m'katimo mukuyenda anyamata onenepa okonda kukumbatirana. Chofunika n'chakuti asagundane. Ndinanyamuka pampando pang'onopang'ono, ndinayenda ngati mayi wosenza ndowa yodzaza, n'kukagona chagada.

Malamulo ndinaika ndekha. Chitseko asamenyetse. Wailesi ikhale yapansipansi. Potembenuka pabedi ndinkayamba ndachenjeza maplaketa mumtima kuti tikukhota. Tsiku lina ndinamva limodzi litaima pa bondo (ndikulumbira kuti ndinalimva), ndipo ndinalisisita mwaulemu mpaka linapitirira.

Amake Rosita poyamba ankangondiyang'ana. Koma ataona kuti ndakana ngakhale bawo, anachita mantha n'kukauza amayi a kutchalitchi kuti bambo kunyumba maplaketa akula. Inu mukudziwa mmene timazondera odwala kuno. Nkhani ikangotuluka pakhomo, sungayiitanenso. Anabwera a ku Lulimile, anabwera a kumudzi, ena ndi nthochi, ena ndi nkhuku, onse akuyankhula monong'ona. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa plaketa, koma aliyense anali ndi m'bale amene anamwalira nawo.

Azakhali anga anandigwira pamimba n'kufinya. "Ali pati?"

"Ali paliponse, azakhali. Musagwedeze."

"Akula bwanji? Ngati nyemba?"

"Saoneka ndi maso."

"Akula koma saoneka." Anatembenukira kwa anzawo. "Zimenezi si za chipatala."

Chovuta china chinali njala. Thupi langa silinkadziwa kuti ndikudwala, ndiye linkafuna chakudya ngati kale. Koma wodwala womaliza nkhuku yonse amakhumudwitsa ozonda. Ndinkangotsina pang'ono n'kukankha mbale, anthu n'kupukusa mitu, ine mtima uli pa ntchafu imene ikubwerera kukhitchini.

Kenaka anafika mng'ono wanga Benadu. Anakhala m'mphepete mwa bedi (ndinamupempha akhale mofatsa), anandigwira dzanja, maso ali pawindo pomwe mota yanga inaima.

"Mano, mwatiopsa."

Kuno mano ndi achimwene, osati a m'kamwa. Ndinamufotokozera zonse, mapaipi, kuzizira, kugundana. Anamvetsera bwino kuposa wina aliyense. Ndinasangalala kuti m'banja mwathu muli wina wokonda sayansi.

"Ndiye mabampu a msewu wa ku Chimbonila aja," anatero, "si ndiye angawasakanize onse malo amodzi?"

"Wamvetsa, mng'ono wanga."

"Komanso mota ikangokhala, batire imafa. Bwanji ndizikuyendetserani pang'ono, mpaka mupeze bwino? Za matumba musadandaule, ndilipo."

Makiyi ndinam'patsa ndi dzanja langa. Ndinamuthokozanso.

Tsiku la dotora tinapita wapansi, ine ndi amake Rosita, ine ndikuyendabe ngati wosenza ndowa. Dotorayo anali mtsikana wamagalasi. Anayang'ana pepala, anandiyeza apa ndi apo, n'kunena kuti chiwerengero cha maplaketa chili bwino, magazi ndi okwanira, mtima ukugunda ngati wa munthu wolima.

"Nanga kanyenyezi aka?" ndinaloza.

"Magaziwa anatengedwa nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Ku laboratoriyo anafika nthawi yanji?"

Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma. Inali ndi chithunzi chokongola cha mwana akulandira katemera.

"Bambo a Rosita, akufunsani," anatero mkazi wanga.

"Chakumadzulo pang'ono."

Dotora anavula magalasi. Anafotokoza kuti m'kabotolo muja mumakhala mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo maplaketa akakhalitsamo amafufuma. Makina amayeza zimene apatsidwa, safunsa kuti zachedwa kuti.

Amake Rosita anafuna kumvetsa bwinobwino. "Pepani dotora. Ndiye kuti anakulira kuti?"

"Mwina m'kabotolo, mayi. Tiyezanso kuti titsimikize."

"Kabotoloko kanali kuti?"

Funso limeneli silinali la dotora. Ndinayankha motsitsa kuti m'jekete.

"Jeketeyo inali kuti?"

"Pa bawo."

Anatenganso magazi ena. Ulendo uno kabotolo ananyamula amake Rosita m'manja, akuyenda ngati akuthawa mvula, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi miyendo imene inali itaiwala ntchito. Pepala lachiwiri linatuluka lopanda kanyenyezi. Maplaketa anga ndi apakatikati, a munthu wamba, oti pa lole sangakwere. Za mutu, dotora anati ndichepetse kuyang'ana foni.

Ndinaimbira Benadu nthawi yomweyo. Kumbuyo kwake kunkamveka mahutala ndi anthu oitanira makasitomala.

"Uli kuti?"

"Ku Mandimba, mano. Batire ikufuna ulendo wautali."

Anali atayamba kunyamula anthu pa boda, ndiye kuti kabaza, ndi mota yanga ija. Ndinamuuza uthenga wabwino, kuti ndachira, kapena kuti sindinadwale n'komwe, ndipo lole ikubwera, abweze mota.

"Mano, pepala loyamba munalikhulupirira mpaka munagona nalo. Lero mukuti linanama. Nanga lachiwirili tidziwa bwanji kuti likunena zoona?"

"Lachiwiri ananyamula alamu ako."

"Alamu ndimawalemekeza, koma si makina. Ndikakupatsani mota, mukakagwa pa mabampu paja, abale adzati Benadu wapha mkulu wake. Munandiphunzitsa nokha za mapaipi. Kayezetseninso ku Nampula, tikhale ndi mapepala atatu."

Foni inaduka. Akuti netiweki ya ku Mandimba imavuta, makamaka ndikaimba ine.

Phunziro ndalitenga: magazi si mtedza, ndipo nkhani uziwerenga mpaka pansi usanakauze mnansi. Kungoti pa pepala lachiwiri lija pali mzere wina wolembedwa RDW, umene nambala yake yayandikira kwambiri kumalire. Sindinafufuzebe. Foni amasunga amake Rosita, amandipatsa ikalira basi.

Matumba anali akudikirabe kumunda, mwezi ukutha, choncho ndinagogoda kwa Che Musa kukabwereka njinga yawo yakapalasa. Anaitulutsa, anapopa matayala, anapukuta chishalo ndi kansalu kotsala posoka. Ndikuti ndigwire chiwongolero, iwo sanachisiye msanga.

"Tengani, bambo a Rosita, Mulungu akupatseni mphamvu. Koma mukadzamva kuti china chakulanso m'thupimo, mudzayambe mwauza ine, Benadu asanamve. Ndidzabwere ndidzatenge njinga yanga."