Bwato lomwe linagoneka ana pa mayeso

Mpaka lero ndikamadutsa pa sukulu ya pulayimale ya kuno, ana amatsinzina n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Ine ndimangoyenda ngati sindikumva, koma mumtima ndimafa ndi manyazi. Palibe wondilakwira, ndinaziputa ndekha.

Ndine telala kuno ku Mbamba Bay, m'dziko la eni, kwathu ndi kutsidya kwa nyanja, ku Malawi. Vuto langa n'lakuti ndimalota ndili maso. Phazi limatha kumapalasa makina mutu uli kutali, mpaka mkazi wanga kundigwedeza: "Abambo a Felesiya, mwatsekanso thumba la buluku la eni ake!"

Felesiya ndi mwana wathu wachisamba. Chaka chimenecho anali darasa la saba, kalasi yomaliza, ya mayeso aakulu otsegula kapena kutseka njira ya ku sekondale. Mwanayu mutu ali nawo, kunyumba masamu ankawaswa ngati mtedza. Koma akangoona pepala la mayeso, manja ankanjenjemera, zonse zimene ankadziwa n'kuuluka. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinkachita kumuona atatsalira pakhonde pano akutola zidutswa za nsalu, anzake atakwera basi ya ku Mbinga ndi masutikesi awo kupita ku sekondale.

Ndiye ndinakumbukira luso langa lakale. Ndili mnyamata, ndikamawoloka nyanja pa sitima mwera utakwiya, anthu akusanza ndi kuitana Mulungu, ine ndinkatsinzina n'kudzitengera kumudzi, pansi pa mtengo wa mango wa amayi. Mantha ankatheratu. (Zoti ndinkadzidzimuka sitima itafika kale padoko, anzanga onse atatsika, sindinaziganizire.)

Ndinamukhazika Felesiya pa mpando wa makasitomala.

"Tsinzina, mama. Puma pang'onopang'ono. Uli m'bwato m'mawa, madzi ali bata ngati mafuta m'mbale. Kulibe mwalimu, kulibe belu. Pansi ukuona mchenga woyera, tinsomba tikudutsa mwaulesi, kamtambo kamodzi kokha kakukuperekeza..."

Mwana anatsegula maso akumwetulira. "Baba, mtima wasiya kuthamanga."

Basi, ine mapewa m'mwamba. Mawa lake anabwera ndi anzake, ndipo pasanapite nthawi khonde linadzaza. Makolo ankachita kuwatumiza okha, ena ndi kambale ka usipa kothokozera. Nkhani ya bwato nayo inkakula: ndinawonjezamo kamphepo kayaziyazi, fungo la mango akupsa, nkhwazi yolira kutali, ndi mayi wina woimba nyimbo ya kwaya kuseri kwa miyala. Kunena zoona, ndinkaikonda kuposa anawo. Mkazi wanga anandichenjeza: "Inu, anawa mukuwalimbitsa mtima kapena mukuwatonthoza ngati makanda? Bwanji osakafunsa kaye kwa mwalimu?" Ndinamuyankha kuti za maphunziro atisiyire ife oyenda. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Inafika moko, mayeso oyeserera amene amalemba asanafike enieniwo. Kunja kunali kofunda, malata akungolira ndi dzuwa. Woyang'anira atangonena kuti ayambe, ana onse a pakhonde panga anatsinzina limodzi n'kukwera bwato. Ambiri anabwerako. Ena anapita nalo. Mwana wa a katekisiti anadzutsidwa pepala litamata patsaya, ndipo Felesiya wanga anagona theka la masamu.

Anandiitanitsa kusukulu. Ndinapeza makolo atadzipinda m'madesiki a ana, mawondo akugunda chibwano, ana eni ake atadzaza m'mawindo. Mwalimu wa darasa la saba, mphunzitsi wa Felesiya, mayi wamtali wa ku Ngumbo wosadziwika ndi kuseka, anandilandira.

"Karibu, fundi, telala wathu. Tamva kuti muli ndi dawa, mankhwala a mantha. Tatiwonetsani nafe."

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo n'kubwerera ku makina ake. Ine ndinaimirira n'kunena kuti njirayo ilibe vuto, ana ndiwo sanaimvetse. "Munthu umangopita pang'ono n'kubwerako msanga. Taonani."

Ndinadzipanikiza m'desiki lakutsogolo n'kutsinzina. (Ndinali nditangodya kondowole, nsima ya chinangwa ija. Odziwa kondowole andimvetsa.) Ndinayamba mokweza kuti onse amve: bwato, mchenga woyera, tinsomba. Ndikukumbukira ndikutchula kamphepo kaja. Kenaka bwato linayamba kuyenda lokha, mofewa, kudutsa miyala ikuluikulu ya padoko, mapiri akusendera m'mbuyo. Madzi anasanduka nsalu yabuluu yopanda msoko, yosatha, ine ndikuiyeza ndi mkono osafika kumapeto. Kutsidya, amayi anga, amene anatisiya kalekale, anali atakhala pansi pa mtengo uja, mango ali pamiyendo, akundikodola. Ndinatsala pang'ono kufika pamene china chake chinagogoda bwato.

Inali rula ya mwalimu pa desiki.

Akuti ndinaliza mkonono mpaka a kalasi yoyandikana anabwera kudzasuzumira. Akutinso ndinalankhula momveka bwino kuti, "Amayi, ndisiyireniko limodzi." Makolo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ngakhale mwalimu uja anatembenukira ku bolodi, mapewa akugwedezeka. Ine ndinapukuta dovu n'kuyang'ana pawindo kufunafuna Felesiya. Anali ataphimba nkhope ndi manja, ndipo ndinati basi, pa mantha ake aja ndamusenzetsanso manyazi. Ndinabwerera kunyumba kudzera kuseri kwa msika, mtima utalemera zedi.

Kuyambira pamenepo ntchito anaigwira ndi mwalimu. Loweruka ankawalembetsa mapepala akale kuti azolowere belu ndi wotchi, n'kuwaphunzitsa kuyamba ndi funso limene akulidziwa. Ine ndinaletsedwa kutchula bwato, pakhonde ndi m'nyumba momwe. Felesiya naye za tsiku lija sankazitchula, ndipo ine sindinkalimba mtima kumufunsa.

Tsiku la mayeso enieni ndinakhala pa makina osasoka kanthu. Ulusi ndinaulowetsa m'singano n'kuutulutsanso, maso ali kumsewu. Chakumasana mwana anatulukira akutafuna nzimbe.

"Zayenda bwanji, mama? Nanga manja?"

"Anayamba kunjenjemera, baba. M'mutu munangoti mbee."

Ndinaika singano pansi. "Ndiye unakwera bwato?"

"Ayi! Anandikhazika pa desiki lakutsogolo lija, lanu lija. Ndinangokuonani kukamwa kuli yasa, mukupempha mango. Ndinaseka chamumtima mpaka misozi. Nditapukuta m'maso, ndinaona kuti funso loyamba ndikulidziwa. Lachiwirinso."

Lero mwanayo ali ku sekondale ku Mbinga, anakwera basi ija ndi sutikesi yake. Anthu akandifunsa ngati ndinathandizapo, ndimati kwambiri, ndipo sindinama. Mkazi wanga amati m'boma lonse lino ndine bambo ndekha amene anakhozetsa mwana mayeso ali m'tulo.

Ana a eni sindiwakwezanso bwato, zimenezo ndinalapa. Koma ndekha, masana makasitomala akachepa, ndimatsamira makina n'kukwerabe. Mango aja amayi sanandipatsebe.