Lamulo Lachinayi ndi Tsamba la Kumanja

Ndineneretu kuti pa nkhani yonseyi ndinanama kamodzi kokha, ndipo bodzalo silinandithandize. Mapepala ake onse ndili nawo mu sutikesi, limodzi ndi chitupa cha ku mgodi cha malemu bambo anga.

Nditapuma pa ntchito ya ukalaliki ku fakitale ya nsalu kuno ku Kadoma, ndinayamba kulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Anzathu a ku tchalitchi anatsegula gulu la pa foni la olima madimba, ife amene makolo athu anachokera ku Nyasalande, ena kuno, ena ku Chegutu, ena ku Muzvezve. Oyang'anira gululo tinali awiri: ine ndi Mai Banda a ku Eiffel Flats, mkulu wa amayi a mvano. Udindowu ndinkaukonda, sindibisa. Chichokereni ku fakitale, panalibenso malo ena pamene anthu ankadikira kuti ndiyankhule.

Vuto linali a Mwale a ku Pfupajena. Munthu akatumiza chithunzi cha tsamba n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, a Mwale ankayankha kuti, "Phikani mudye, mawa mutiuze." Ine ndikalemba nkhwani, iwo muboora, m'chiyankhulo cha eni dziko kuno. Ndikalemba luni, iwo nyevhe (Chichewa amachidziwa bwino lomwe, ankangofuna kundiputa). Tsiku limene ndinaonetsa kabichi wanga woyamba, anafunsa ngati ndinachita kubzala kapena ndinamutola pansi pa tebulo kumsika.

Ndinangotenga cholembera changa. Munthu wophunzira salongolola, amalemba. Ndinali ndi buku la chikuto cholimba, ndipo m'menemo aliyense wovuta ndinkamupatsa chomera chomuyenera, tsiku limene walakwa, ndi chifukwa chake. A Mwale anali chitedze: ukangokhudza, ukanda tsiku lonse. Bambo wina wa ku Muzvezve, wosasiya nkhani ngakhale yatha, anali chisoso chomata pa buluku. Wina wotsatsa mankhwala a msana pakati pa nkhani ya manyowa anali bonongwe, womera paliponse osabzalidwa. Mai Banda, amene ankavomera maganizo anga pagulu kenako n'kumawasintha kumbali, ndinawalemba kaufiti: maluwa okongola pamwamba, pansi akuyamwa chimanga. (Bukulo linali langa ndekha. Ndikufuna mfundo imeneyi imveke.)

A Mwale atanyanya, mpaka kutcha mayi wina wolima anyezi kuti Mai Misozi, ndinaganiza zokhazikitsa malamulo. Ndinalemba asanu ndi awiri, ndi rula, m'buku lomwelo, pa tsamba la kumanzere limene linali loyera. Lachinayi linkati wopatsa mnzake dzina lachipongwe achotsedwe pagulu, osabwereranso. Ndinasaina pansi monga ndimachitira tsamba lililonse. Kulemba pa foni kumandipweteka zala, choncho ndinatambasula bukulo pa tebulo, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti zonse zioneke, ndinajambula n'kutumiza.

Zonse zinaonekadi.

Ndinazindikira a Mwale atatumiza tinkhope toseka mzere wathunthu. Ndinathamangira kufufuta chithunzicho. Foni inandifunsa funso, ndinayankha osavala magalasi, chithunzi chinachoka. Ndinatenga ndowa n'kukathirira mpiru mtima uli m'malo, mpaka kumaimba nyimbo ya ku tchalitchi.

Akazi anga, amenenso ali pagulupo, anabwera kuchokera kumsika dzuwa lili pamutu. Sanatule n'komwe dengu. Anandionetsa foni yawo: chithunzi chili pompo, tsamba la kumanja likuwerengeka bwino kuposa la kumanzere. Ndinali nditafufuta pa foni yanga yokha.

"Abambo ake a Chipo," anatero, "Mai Banda aja anatinyamulira mwana pa ubatizo. Mwawalemba kaufiti?"

Apa ndi pamene ndinanama. Ndinalemba pagulu kuti umenewo unali mndandanda wa mbewu zimene anthu anapempha. A Mwale anafunsa mwaulemu, m'Chichewa chosalala chimene ndinali ndisanawamvepo akulankhula, kuti iwo mbewu ya chitedze anapempha liti. Anafunsanso ngati mawu akuti "achitanso Lachiwiri" pafupi ndi dzina lawo ndi malangizo a kabzalidwe. Kenako anakulitsa chithunzi pamene ndinasaina n'kuchitumizanso, kuchitira amene ali ndi maso ofooka.

Zotsatira zake sindinaziyembekeze. A Mwale anasintha dzina lawo pa foni kukhala Chitedze. Wa mankhwala a msana anayamba kulemba pansi pa malonda ake kuti "Bonongwe, opezeka paliponse." Mayi wina wa ku Chegutu anandiimbira atakwiya chifukwa sanali pa mndandanda, akuti kodi iwo si munthu. Amene sanaseke ndi Mai Banda okha.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kukwera kombi ya ku Eiffel Flats, buku m'khwapa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, anandithirira tiyi. Ndinafotokoza kuti kaufiti, tikanena zoona, ndi chimodzi mwa zomera za maluwa okongola kwambiri m'munda. Anandisiya ndimalize. Kenako anatulutsa foni yawo n'kunditchula mwaulemu, monga amatchulira akuluakulu kuno.

"Sekuru, tandiwerengerani lamulo lachinayi. Maso angawa."

Ndinawerenga. Ndinati lamulolo ndinalembera a Mwale. Anafunsa ngati dzina la a Mwale lilimo, ndinati mulibe. Ndinawakumbutsa za Mai Misozi, iwo anati zimenezo zinanenedwa malamulo asanabwere, pamene mndandanda wanga unafika limodzi ndi lamulo, chithunzi chimodzi. Anafunsa ngati penapake pali mawu opatula oyang'anira gulu. Ndinati palibe, chifukwa lamulo labwino silisankha munthu (ndinanena ndekha zimenezi, ndi pakamwa panga, osakakamizidwa). Anagwedeza mutu, anadina kamodzi, foni ya m'thumba mwanga inalira: ndinali nditachotsedwa pagulu. Anandifunsa ngati ndimwenso tiyi wina.

Mpando wanga woyang'anira gulu Mai Banda anapatsa a Mwale. Ndikumva kwa akazi anga kuti akutsata malamulo anga onse asanu ndi awiri mosaphonya, ndipo pagulu pali bata limene ine sindinalionepo. Ndinalemba kalata yodandaula ya masamba atatu, kope lake ndili nalo. Yankho la a Mwale linali kachithunzi ka chala chachikulu chitaloza kumwamba.

Akazi anga akuti ndiphunzirepo kusunga zinthu zina mumtima. Ine ndikuona kuti za mumtima zimasokonekera masiku, ndipo munthu sungazisaine. Chimene ndaphunzira n'chakuti pojambula buku, tsamba linalo muzilipinda kaye. Ndagula buku latsopano. Mai Banda ndikuwafunirabe chomera, chifukwa kaufiti ndinawachepetsa naye.