Chingwe Chopota ndi Nkhungu

Amene akuti ndinama anyamuke tsopano lino, akathandize azimayi kuyanika nsomba uko, chifukwa ine sindithira mchere pa zimene ndinaona ndi maso angawa. Koma iwe Fulansisiko, mwana wa mlongo wanga, amene galu wako akununkhiza madengu a eni pano padoko khosi lili pamtunda, khala pansi umve.

Ufulu utangobwera, ku Boma tikukutchulabe Feira, kunagwa chiwewe chochokera kwa nkhandwe. A vetenale analengeza kuti galu aliyense abwere ku nyeleti ya katemera ali pachingwe, ndipo wopezeka akuyenda yekha alandira chipolopolo. Ine ndinali ndi Mphezi, galu amene malemu mkazi wanga anamlera ndi phala la mapira. Mayiyo atapita, Mphezi yekha ndiye ankatembenuka ndikalankhula m'nyumba. Kumutaya kukanakhala kuika maliro kachiwiri.

Tsono Mphezi ndi chingwe sankamwerana madzi. Cha khonje anatafuna ngati nzimbe, cha luzi la mlambe anameza chonse, ndipo tcheni cha njinga ya akatekisiti anachikukuta n'kulavula mbedza zimene mudzi wonse wa kwa Mphuka unawedzera chaka chathunthu. Mukumva?

Tsiku la nyeleti ndinatsikira kumtsinje m'mamawa, nyengo yozizira, m'manja mulibe kanthu. Zambezi inali itagona pansi pa nkhungu, mvuu zikuyandama ngati nazonso zikulota. Ndinatambasula dzanja kuti ndimasule bwato, nkhungu n'kundikola chala, ndikakoka ikubwera, ndikakokanso ikubwerabe, yofewa ngati thonje, ndiye ndinakhala pamchenga, n'kupinda kabudula, n'kuyamba kuipota pantchafu monga tipotera luzi, mpaka chinatuluka chingwe choyera, chozizira, chonenepa ngati chala chachikulu. Ndinam'manga nacho Mphezi. Analuma, m'kamwa madzi okhaokha. Analumanso, n'kuyetsemula, n'kundiyang'ana mwaulemu koyamba chibadwire.

Nkhafi sindinaigwire tsiku limenelo. Galu analumphira pamwamba pa nkhungu n'kuyamba kuthamanga osanyowa ndi phazi lomwe, bwato likutsetsereka pambuyo pake, akakowa ali m'tulo tikuwapita pansi pa mapiko, asodzi akuvula zipewa poyesa ndife mizimu, ndipo popeza nsonga ina ya chingwe sindinaidule, nkhungu yonse ya mtsinje inatitsatira ngati mkwatibwi akoka nsalu, moti a ku Zumbo, tsidya lija, anadzuka n'kupeza madzi ali mbee, ng'ona zikubisala ndi manyazi. Ndikulumbira pa manda a mkazi wanga. Mukumva?

Ku Boma tinapeza mzere wautali, aliyense ndi galu wake, wina pachingwe cha mbuzi, wina pampira wa njinga. Pambali panaima mesenjala ndi mfuti. Tisanasunthe n'komwe, mfuti ina inalira kuseri kwa maliketi, ndipo ndinaona bambo wina akubwerera kwawo yekha, mutu uli pansi. Iye anali atanena kuti wake ndi wofatsa, safuna chingwe.

Apo m'pamene ndinakumbukira dzuwa. Inu mumadziwa zimene dzuwa la kuno limachita ndi nkhungu. Likukwera, chingwe chikuwonda, chinafika ngati udzu, kenako ngati ulusi wosokera, kenako ngati wa kangaude, ine mzere sukuyenda, uku mayi wina wayamba kukazinga nyama yambuzi, mphuno ya Mphezi ikuvina, tiana ta sukulu tikudutsa pafupi ndi mano ake. Ndinafumbata kaulusiko m'chibakera.

Mesenjala anabwera. “Mdala, chingwe chili kuti?”

“Yang'anitsitsani, bwana, chilipo.”

Anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ana khosi la galu, n'kukweza mfuti pang'onopang'ono. Mphezi anamugwedezera mchira, chitsiru, monga ankachitira malemu mkazi wanga akamabwera ndi phala. Pamenepo madzi anatsika m'maso mwangamu n'kudontha pa kaulusi kaja, kaulusi n'kumwa, n'kutupa, n'kunenepa, utawaleza n'kuyala kuchokera m'chibakera changa kukafika pakhosi pa galu, mesenjala n'kutsitsa mfuti, n'kuchikhudza ndi chala, n'kunena kuti chingwe chotere ngakhale ku Lusaka sanachione. Ena amati ndinalira. Bodza limenelo. Ndinkathirira chingwe.

Nyeleti inalowa, ndipo Mphezi anakalamba mpaka mano kutha, n'kufera pakhomo panga, pamthunzi.

Mukufuna umboni? Bwerani kuno m'mamawa nyengo yozizira. Chotsala ndinachiyanika pamtsinje, chilipo mpaka lero, kuyambira pano kukafika ku Kanyemba. Koma n'changa, sindibwereketsa. Iwe Fulansisiko kagule cha khonje um'mange galu wakoyo asanalume mwana wa mwini, chifukwa maso ako ndimawadziwa ine, ndi ouma. Mfuti ikadzakwezedwa, ulibe chothirira.