Ninang Nambala Fotini

Lolemba, 9 Okutobala

Nkhani yabwino! Marisol, namwino mnzanga wa ku Philippines, wandipempha kuti Lamulungu likubwerali ndikhale ninang wa mwana wake Angelo. Ninang ndiye mayi wa ubatizo. Ine! Pa anamwino onse a mu Salford muno!

Anthu awa ulemu anayamwira. Chidziwirane, Marisol sananditchulepo dzina lokha. Amati Ate, ndiye kuti achemwali aakulu. Achimwene ndi Kuya, agogo aakazi ndi Lola. Aliyense ali ndi mpando wake.

Ndili m'basi, meseji yochokera ku Leeds. Tiyamike, mng'ono wanga, za mwana wake: "Lamulungu Tadala akukwanitsa zaka zisanu. Mubwere, chonde." Lero wadziwa "mubwere". Zaka ziwiri zapitazo, pa phwando la Amalawi, anandiitana dzina, "iwe" pamwamba, anthu akumva. Ine amene ndinamubereka kumsana mpaka atayamba sukulu! Chiyambire tsikulo sindinapondeko kwake. Sindiyankha. Ndapeza abale odziwa ulemu.

Zochita:
1. Kusoketsa suti ya chitenje.
2. Kukonza mawu okayankhula.
3. Kunyamula mwana pa ubatizo, nkhope yodekha.
4. Mandasi fifite.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Telala wa ku Manchester akuti chiuno changa chapita patsogolo. Ndani wamufunsa?

Nthawi ya tiyi Maureen, mzungu wa pa desiki ya wodi, akubwera akuwomba m'manja: "Nanenso ndine ninang!" Ndikumwetulira mano okha. Mwina ndi wondithandizira. Ngakhale ukwati umakhala ndi ankhoswe mbali zonse.

Lachitatu, 11 Okutobala

Ndaona pepala la mayina. Aninang fotini! Amuna, amene amati ninong, naini! Muli Maureen, muli Dave wokankha mabedi, muli ngakhale bambo amene anawakonzera paipi ya madzi. Dzina langa lili pansi penipeni, ndi cholembera china.

Marisol akungoseka: "Kwathu makolo samuchulukira mwana, Ate. Wina akagwa, wina amutola."

Ndikufunsa kuti ndiyankhula nthawi yanji. Akuti zoyankhula kulibe, kuli karaoke, kulandizana maiki n'kumaimba. Nambala 2 yafa. Masamba atatu amene ndinalemba dzulo ndakulungira nthochi.

Lachinayi, 12 Okutobala

Kukaona Angelo. Nyumba ya zipinda ziwiri, anthu leveni, nsapato pakhomo ngati pa kaunjika. Ana akubwera mmodzimmodzi, aliyense akutenga dzanja langa n'kuligunditsa pachipumi pake. Ndi moni wa kwa akulu. Misozi ili pafupi, sindinama.

Lola, amayi ake a Marisol, akundipakulira mpunga kachitatu. Kenaka funso: kuno ndili ndi abale? Ndikuti mng'ono mmodzi, ku Leeds.

"Mumaonana sabata iliyonse?"

Ndikuti ntchito imachuluka. Marisol, pakamwa pake posatseka, akuulula kuti patha zaka ziwiri. Nyumba yonse ikunditembenukira. Ngakhale mnyamata amene amaimba karaoke pakona wasiya maiki. Lola akufunsa kuti ku Leeds n'kwa masiku angati. Ndikuti ola limodzi pa sitima. Akuchita chizindikiro cha mtanda, n'kundiwonjezera mpunga ngati wodwala.

Ndafotokoza za "iwe" uja, ndi za tsiku lobadwa la Tadala Lamulungu. Palibe amene wakhala mbali yanga.

Lachisanu, 13 Okutobala

Nambala 3 yafa. Ate weniweni wa Marisol, a Luz, atsika ndege dzulo kuchokera ku Manila, ndipo mwana akamunyamula ndi iwo. Akuti anakangana ku bwalo la ndege komweko, nkhani ya chikwama, mpaka apolisi kuwayang'ana. Lero akudyera mbale imodzi. Marisol: "Amandinyansa kwambiri. Koma ndi Ate wanga, nanga nditani?"

Suti yabwera. Mikono yathina, sindingakweze manja kupitirira mchombo. Zilibe kanthu, chonyamula palibe.

Tiyamike waimba kawiri. Ndikuyang'ana foni ikulira pa tebulo. Ndikayankha ndiye kuti ndagonja. Koma ndagonja kwa yani? Funso limeneli sindikulikonda.

Loweruka, 14 Okutobala

Mandasi. Mafuta apsa, alamu ya utsi yalira, woyandikana naye wagogoda khoma. Otsala amoyo sate, enawo makala.

Meseji ina: "Achemwali, Tadala wafunsa ngati ali nawo amayi aakulu. Ndamuuza kuti alipo."

Ndalemba "Ndibwera". Ndafufuta. Ndalembanso. Ndafufutanso. Ayambe wavutika pang'ono.

Mapulani atsopano: ubatizo leveni koloko, chithunzi chimodzi ndi Angelo, sitima ya thu koloko, kutulukira ku Leeds mwadzidzidzi, Tiyamike agwade. Zonse zitheka. Ndikudziwa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi analibe ndandanda ya sitima.

Lamulungu, 15 Okutobala

Ubatizo wayamba wani koloko. Anthu twente-firii kuzungulira mwana mmodzi. Ine kumbuyo kwa Dave, ndangoona chigongono cha wansembe. Kandulo yanga yazima.

Ku holo, nkhumba yathunthu yootcha pakati pa tebulo. Mandasi anga awaika pawindo.

Zithunzi zikutsata pepala lija. Ndikanatha kuchoka. Thu koloko yakwana ali pa ninang wachitatu, ine ndakhalabe, chifukwa sindinasoketsere suti pachabe. Pondifika ine, faifi koloko, Angelo wagona, ndipo asanajambule wandilavulira mkaka paphewa.

Marisol akundikumbatira, akudabwa: "Ate, mukadali pano? Tonse timayesa mwapita kwa mng'ono wanu!" Sakunena moipa ayi. Ndikanachoka m'mawa, akanandiwombera m'manja.

Ndaimba ku Leeds ndili pa siteji ya basi, mvula ikuwaza. Wayankha mwana. Ndikuti, "Tadala, ndine amayi ako aakulu." Kenaka akukuwa cha kumbali: "Mum, it's some lady."

Kumbuyo kwake ndikumva akusanja mipando. Tiyamike sakukalipa, bola akanakalipa. Akungoti, "Achemwali, keke tinadikira nayo mpaka folo. Mwana analira, tinadula."

Ndikufuna kukwiya kuti ana a kuno alibe ulemu, koma mkwiyo wakana kubwera. Angamuitane chiyani munthu amene sakumudziwa? Angelo mawa sadzadziwa kuti ndinalipo. Tadala wadziwa lero kuti kunalibe ine. Mtima ukundiwawa, ndipo womuloza chala ndamusowa.

Mawa shifiti ya seveni koloko. Pa wodi andiitana Ate, ndipo ndiyankha.