Tsiku Limene Sefuliya ya Abiti Saidi Inalawa Mowa

Kunyumba kwanga kuli sefuliya imodzi imene sindibwereketsa munthu, ndipo ana anga amaganiza kuti ndimaikonda chifukwa ndi yakale. Ayi ndithu. Ndikaiyang'ana manyazi amandigwirabe ngati zachitika dzulo. Sinali yanga, ndipo eni ake sanandipatse akumwetulira.

Nthawi imeneyo anali atangonditumiza kumene ku Mangochi kukaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale, ine mwana wa ku Ntcheu wozolowera kamphepo ka m'mapiri. Bambo a kunyumba anali kalaliki pa boma. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, ndiye tinachita lendi kanyumba kuseri kwa mayi ena achiyao, Abiti Saidi. Mayi amenewa ndiwo anandilera kuchilendo. Anandionetsa kogula nkhuni, anandiphunzitsa kusiyanitsa chambo cha lero ndi cha dzulo, n'kundiuzanso mwambo wa pakhomo pawo, woti mphika wobwereka subwerera wopanda kanthu.

Ntchito yawo inali kuphika mkate wa mpunga ndi nthochi n'kukagulitsa kumsika m'mawa uliwonse. Amuna awo anamwalira kale, ndiye ana onse ankadya ndi kuvala kuchokera mu sefuliya imodzi yokhuthala, yopindika pamlomo, yokhala ndi chivundikiro chopakidwa penti wofiira. Ankaphikira momwemo n'kusenzera momwemo. Msika wonse unkaidziwa sefuliya imeneyo kuposa mmene unkandidziwira ine.

Vuto linayambira ku Malindi. Ndinapita kukaona mnzanga wina ku mishoni, ndipo namwino wachizungu amene ankagwira naye ntchito anatiitanira tiyi. Anatipatsa keke yakuda bii, yodulidwa timabokosi. Ine mumtima ndinati mzungu wapsereza keke koma akuchita manyazi kutaya. Ndinaluma mwaulemu chabe. Abale inu! Chinthu chija chinasungunuka pakamwa, chotsekemera koma chowawira patali, chonyowa mkati ngati sichinapse koma chitapsa bwinobwino.

"Amayi, mwathiramo chiyani?" ndinafunsa.

Anati dzina la keke ija ndi bulawuni, n'kuyamba kutchula m'Chichewa chawo chopunduka: ufa wa tirigu, koko, mazira, shuga, majarini. "Ndi botolo limodzi la sitauti," anatero, "mowa wakuda uja."

Ndinatsala pang'ono kulavula. Ine mayi wa mpingo, wovala yunifolomu Lachinayi lililonse, ndadya mowa! Koma iwo anangoseka n'kunena kuti moto umathamangitsa ukali wonse wa mowa, chimatsala ndi kukoma kokha.

Mawu amenewo sanandisiye. Mowa umathawira kuti? Umatuluka ndi nthunzi, kapena umangobisala? Munthu akadya keke yonse yekha, ayamba kuyimba kapena ayi? Ndinkalemba masamu pa bolodi maganizo ali pa mowa wothawa. (Bambo anga ankati ndikadzafa ine chidzandiphe ndi "tione", osati matenda. Ndili mwana ndinatsegulapo wotchi yawo kuti ndione chimene chimagogoda mkati.)

Koko ndinamupeza m'sitolo ya mmwenye, kachitini kamodzi kodzaza fumbi pamwamba. Uvuni ndinalibe, koma limenelo silinali vuto, poti aliyense ankaphika keke m'sefuliya, makala pansi ndi makala pa chivundikiro. Kungoti yanga inali yopyapyala, yopsereza ndi madzi omwe. Ndiye Loweruka lina m'mawa ndinapita kwa Abiti Saidi.

"Amayi, mundibwerekeko sefuliya yanu lero. Ndikufuna ndiyese keke yachizungu."

"Ya chiyani, aphunzitsi?"

"Ya chokoleti."

Sindinaname. Ndinangosiya mawu amodzi kunja.

"Mubwere kumsika dzuwa likafika pamutu, mkate ukhala utatha, mudzatenge," anatero. "Koma tilawe nawo. Ifenso tione zimene amadya azungu."

Masana ndinavala chitenje ndi duku, khadi ya chipani ndinaimanga pa ngodya ya chitenje chifukwa pa geti la msika panalibe kulowa wopanda khadi, n'kupita kukatenga sefuliya. Kuseri kwa msika kunali malo ogulitsira mowa wa m'mabotolo. Ndinawadutsa osalowa, n'kubwerera, n'kuwadutsanso ngati ndataya kanthu. Kenako ndinatsitsira duku pamphumi n'kulowa.

Munali asodzi ndi madalaivala. Phokoso lonse linatha nthawi imodzi.

"Sitauti imodzi," ndinanong'ona.

Wogulitsa anatsegula botolo n'kuliika patsogolo panga, ndisanamuuze n'komwe kuti atsegule. Nditalitenga kuti ndizituluka anandiimitsa.

"Amayi, botolo silituluka pano. Mwabweretsa lopanda kanthu losinthira?"

"Ayi."

"Ndiye mumwere pompano. Mpando uwo."

"Si wakumwa ayi, achimwene. Ndi wophikira keke."

Kuseka kwake! Bambo wina wa mimba yaikulu anadzisisita pamimba n'kunena kuti, "Ifenso amayi timaphikira keke, uvuni wake ndi uno."

Munthu wanzeru akanalisiya botolo lija n'kumapita kwawo. Koma ine ndinali nditalipira kale, thukuta likutsika, maso onse ali pa ine, ndipo m'manja ndinali ndi chotengera chabwinobwino. Ndinatsegula chivundikiro chofiira chija, n'kukhuthulira mowa wonse mu sefuliya ya Abiti Saidi, n'kuvundikira, n'kusenza pamutu. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndaganiza msanga.

Chimene sindinkadziwa n'choti mowa wakuda ukakhutchumuka padzuwa la ku Mangochi umafufuma. Ndinkamva ukulira pamutu panga kuti tswii, ndipo m'malo moopa ndinkafuna kutula kuti ndione zimene ukuchita. Nditangodutsa mzikiti ndinakumana ndi Che Amidu, bambo achikulire amene ankagula mkate wa Abiti Saidi tsiku lililonse.

"Aphunzitsi, lero sefuliya ya Abiti mwasenza ndinu? Mkate watsalako?"

"Watha, abambo."

"Nanga chikutuluka thovu n'chiyani?"

Thovu linali litatulukira pamlomo popindika paja, n'kutsika pa duku, n'kufika patsaya. Che Amidu anayandikira pang'ono, n'kununkhiza. Anayang'ana chivundikiro chofiira, n'kuyang'ana ine. Anangokonza kofia yawo n'kumapita, koma mayendedwe awo anali achangu kuposa msinkhu wawo. Ine ndinangoganiza kuti akuchedwa kwinakwake. (Ndinali mphunzitsi, inde, koma wa ana aang'ono.)

Kunyumba ndinayamba ntchito mtima uli m'mwamba. Mowa ndinauwiritsa pang'ono mu sefuliya momwemo monga anandiuzira mzungu uja, mphuno ndili nayo pafupi kuti ndigwire pamene ukuthawa. Unathawadi, kulowa m'maso mwanga mpaka misozi. Ndinasungunulamo majarini, n'kuthira koko, shuga, mazira, ufa pomalizira. Phala lake linali lakuda ngati matope a kudambo. Ndinavundikira, makala pansi, makala pamwamba, n'kukhala pa mpando kumadikira ngati mzamba.

Fungo limene linatuluka linafika mpaka kumsewu. Keke inapsa bwino, pamwamba yong'aluka pang'ono, mkati yonyowa ngati ya ku Malindi ija. Bambo a kunyumba ndinawapatsa chidutswa chachikulu osawauza kanthu, kenako china, kenako china, ndikuwayang'anitsitsa.

"Bwanji ukundiyang'ana choncho?"

"Palibe. Tayendani mufike pa chitseko apo, mubwerenso."

Anayenda mowongoka ngati msilikali. Sanayimbe, sanandikumbutse za ngongole ya achimwene anga, palibe. Mzungu uja ananena zoona. Ndinavina ndekha m'khitchini, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nzeru zinandibwerera ndikutsuka sefuliya. Mphika wobwereka subwerera wopanda kanthu, ndipo Abiti Saidi anali atanena kale kuti alawa nawo. Koma ndiwapatse bwanji Asilamu keke ya mowa, wothawa kapena wosathawa? Ndinakwecha sefuliya ndi mchenga, phulusa ndi sopo mpaka inawala, n'kuikamo mbatatesi za kwathu ku Ntcheu, n'kukapereka.

Abiti anatsegula chivundikiro n'kuyang'ana.

"Fungo lonse lija, aphunzitsi, latuluka mbatatesi?"

"Keke ija inapserera, amayi."

"Pepani," anatero. Apa ndiye ndinanama zenizeni, ndipo iwo anandipepesa.

Lolemba ndikuweruka kusukulu ndinawapeza atakhala pa khonde langa, sefuliya ili pambali. Anatsegula chivundikiro. Mkate unali wodzaza, sunachoke ngakhale umodzi.

"Aphunzitsi, khalani pansi," anatero. "Chiyambire kugulitsa mkate sindinabwererepo nawo kunyumba. Lero anthu amangodutsa. Wina anandiuza kuti, 'Abiti, ife za m'sefuliya ya mowa ayi.' Ine n'kukangana naye, wallahi, mpaka kulumbira kuti m'sefuliya yanga simunalowepo mowa. Che Amidu n'kubwera kudzandiuza pamaso pa anthu zimene anaona ndi maso awo."

Ndinalakalaka pansi patatseguka. Ndinafotokoza zonse, za ku Malindi, za botolo losatuluka, za thovu. Ndiye chifukwa cha mantha ndinawonjezera chopusa.

"Koma amayi, mowawo umathawa ndi moto. Ndinayesera pa bambo a kunyumba, sanaledzere."



"Wathawa mu keke," anatero. "Nanga m'kamwa mwa anthu a kumsika authamangitse ndani?"

Misozi inayamba kutsika.

"Kutsuka munatsuka, ndaona. Ndipo ashehe akhoza kunena kuti ikatsukidwa yayera. Koma ashehe sagula mkate wonse okha. Chinthu chimodzi chokha ndikuthokozani, simunandidyetse. Mukanandidyetsa, bwenzi lero mukufuna nyumba ina. Koma mukanangondiuza m'mawa muja kuti keke yake ndi ya mowa, ndikanakuuzani kuti ngwamba, ayi, mukabwereke kwa amayi a wapolisi amene si Asilamu. Nkhani ikanathera pomwepo."

Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa mafunso onse a mowa, kumene umathawira, mmene umafufumira, koma funso limodzi lofunika sindinawafunse eni sefuliya.

Anakhuthulira mkate uja m'lichero langa n'kundikankhira sefuliya ndi phazi.

"Iyi ndi yanu tsopano. Anandisiyira amayi anga, koma kumsika singapitenso."

Ndinathamangira m'nyumba n'kutulutsa yanga yopyapyala ija, poti inali yokhayo imene ndinali nayo. Anaigogoda ndi chala, n'kupukusa mutu, n'kuitenga. M'mawa mwake ndisanapite kusukulu ndinawasenzera ndekha mpaka kumsika, n'kuima pambali pawo kumauza aliyense kuti wolakwa ndine, sefuliya ndi ina, Abiti sankadziwa kanthu. Amayi ena ankandifunsa monong'ona ngati keke ija inali yokoma. Che Amidu anayamba agogoda sefuliya yatsopanoyo, n'kuinunkhiza, kenako n'kugula. Ena anatsatira pang'onopang'ono, ngakhale ena sanabwererenso. Kumpingo nako nkhani inafika, ndipo yunifolomu inapuma m'sutikesi kwa kanthawi.

Sefuliya yokhuthala ngati ija sinkapezeka m'masitolo a pa boma. Tinaifuna mpaka ku Monkey Bay osaipeza, ndipo inatenga miyezi kuti munthu wina atibweretsere kuchokera ku Limbe. Nthawi yonseyo sefuliya yanga inkapsereza mkate wa pansi tsiku lililonse. Abiti Saidi sanandikalipirenso. Ankangodula mbali yopserera ija, yakuda bii, n'kuiika pa mbale, n'kubwera nayo okha pakhomo panga.

"Aphunzitsi, odi! Keke yanu yachizungu iyi. Yopanda mowa."

Ndipo ine ndinkadya yonse iwo akuona, kenako n'kuyamba kusakasaka choika m'mbalemo, chifukwa mbale ya Abiti Saidi sinkabwerera yopanda kanthu.