Nkhondo ya Paipi ya M'khoma

Tcherani khutu, inu obadwa dzulo, mumve za chaka cha 2004, pamene chisanu cha ku Joni chinkalowa mpaka m'mafupa, ndipo ku Centurion, panyumba ya dona wina, panabuka nkhondo imene ngakhale mpanda wamagetsi unalephera kuitchinga.

Kumeneko kunali Yobu wa ku Ntcheu, Wometa Kapinga, Mliri wa Nkhono, Mwini Wilibala, amene ankagona m'kachipinda kogundana khoma ndi chipinda chochapira. M'khomamo munkadutsa paipi yotulutsa mpweya wotentha wa makina oumitsira zovala. Tsiku lina paipi ija inaguluka m'katimo, mpweya n'kuyamba kutulukira pamng'alu wa kwa Yobu. Ha! Munthu anagwada n'kuyamika Chauta, pakuti mabulangete ake onse awiri anali atawakweza basi ya kumudzi, osauza munthu.

Koma kuseri kwa khomalo kunkalamulira Mayi Margret a ku Mulanje, Ogonjetsa Makwinya, Amene Simbi Yawo Sizizira. Khoma lawo linachita chuku ndi chinyezi cha paipi ija, dona n'kuyamba kuwaloza chala. Mayiwo anaitanitsa mmisiri, Habibu wa ku Machinga, amene anatsika takisi ya ku Olievenhoutbosch atanyamula hamala.

Yobu anatchinga pakhomo pake, fosholo ili paphewa.

"Bwererani, achimwene!" anabangula. "Paipi imeneyi sinaguluke, yangosankha mbali! Woigwira ayambe wathana ndi ine, mdzukulu wa Angoni!"

"Eish, ine andiitanira paipi, za Angoni sindizidziwa," anatero Habibu, n'kubwerera.

Mayi Margret anatuluka m'khitchini atagwira m'chiuno. "Bambo Yobu, chuku chimenechi chikandichotsetsa ntchito, ana anga mudzawadyetsa kapinga?"

Ndipo anagwiritsa chida chimene mafumu akale sanachilote: anatseka njira ya tiyi. Masiku awiri athunthu kapu ya Yobu inakhala yovundikira. Ngwazi inkameta kapinga ikumeza malovu, fungo la buledi likuidutsa pamphuno. Koma njala ilibe Mngoni. Tsiku lachitatu, Habibu atabweranso, chitseko chinatseguka chokha.

Adani analowa mwaukali, n'kungoti kakasi. Pabedi panali matiresi okhaokha, chofunda chake thumba la manyowa long'amba pakati.

"Mabulangete ali kuti?" anafunsa Mayi Margret.

"Akufunda ana ku Ntcheu," anayankha Yobu akuyang'ana nsapato zake. Manyazi anamugwira kuposa chisanu.

Habibu anagumula khoma, analumikiza paipi, anaimanga ndi waya n'kumata simenti, Yobu ataima chipewa m'manja ngati ali pamaliro a malume ake. Mng'alu unatsekeka. Ufumu unatha.

Koma imvani pangano limene linapanganidwa pamenepo! Mayi Margret anatulutsa bulangete lawo lamaluwa ofiira, nalumbira pamaso pa mmisiri kuti tsiku lililonse, zovala zomaliza zikatuluka, lidzalowa m'makina mphindi khumi lisanapite kwa Yobu.

Anayesa pomwepo, dzuwa lili paliwombo. Ngwazi anaikulunga bulangete lamoto, anaikweza m'wilibala, Habibu n'kuizungulitsa kapinga katatu, mayi akululutira, galu wa dona akuuwa pambuyo. Thukuta linkachita kuyenderera m'khosi.

"Vulani, bambo, mupsa!" anakuwa Mayi Margret.

Yobu anakokera bulangete mpaka m'makutu.

"Ndisiyeni, mayi. Kutenthaku ndikusungira mawa."