Kudikira Ndege ya Esnati

Lolemba
Foni ku ofesi, yochokera ku London! Ndi Esnati, bwenzi langa, wamaliza maphunziro a unamwino. "Ndinyamuka Lachitatu madzulo, ndidzafika..." Foni yaduka. Adzafika liti? Ndiyenera kudziwa, chifukwa a Phiri a ku Area 14, aja a galimoto yofiira, nawonso akhala akumufunsafunsa. Woyamba kumupatsa moni pabwalo la ndege ndikhala ine!

Lachiwiri
Ndabwereka mapu kwa aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, ulusi kwa Che Yusufu, telala wanga wa ku Old Town. London mpaka Lilongwe, zikhatho ziwiri. Lilongwe mpaka Blantyre sipakwana ndi chikhadabo chomwe, chonsecho basi imatha tsiku lonse. Ndikawerengera ndikupeza kuti afika mwezi wamawa. Penapake palakwika.

Lachitatu
Ndikufunsa aliyense. Mayankho:
Abwana: "Zimatengera mphepo."
Mayi wotaipa makalata: "Imayamba yaima ku Nairobi kuti anthu adye."
Aphunzitsi: "Mawotchi akumeneko ali m'mbuyo, muchotserepo." Ndichotsere pa chiyani?
Basi, ndizipita kubwalo la ndege tsiku lililonse mpaka atatsika!

Lachinayi
Ndapempha tchuthi. Ndanyamula chitenje, mwina angatsike atavala thalauza n'kugwidwa. Pa depoti achinyamata a chipani: "Khadi, bambo!" Khadi ili m'thumba la jekete, jekete lili kwa Che Yusufu, Che Yusufu apita kukagula zipi. Ndikufika ku Lumbadzi dzuwa litapendeka, bwalo la ndege lili zii. Palibe vuto. Mtunda wonse uja munthu sangafike lero.

Lachisanu
Jekete, khadi, chitenje, maluwa. Ndege yatera! Akutsika azungu, masisitere awiri, ndi mnyamata wina wa tsitsi lalitali amene apolisi akumutengera pambali kukamumeta. Esnati mulibe. Ndikubayibitsabe mpaka khomo litatsekedwa.

Loweruka
Ndabweranso. Kukutentha koopsa, maluwa aweramitsa mitu. Mayi wogulitsa tiyi akundifunsa, "Kodi achimwene, mwalembedwa ntchito kuno?" Ndamuuza kuti London ndi kutali, zimafuna kupirira. Sindigonja!

Lamulungu
Ndayamba ndadzera kutchalitchi kuti ndipempherere ulendo wake. Benchi lachiwiri kutsogolo: Esnati, diresi lalitali bwinobwino, akuimba.

Titatuluka, akundiuza kuti anafika Lachinayi m'mawa, ine ndikusakasaka Che Yusufu. A Phiri anangoimba foni ku ofesi ya ndege n'kufunsa. Masutikesi ananyamula ndi iwo.

"Ndinakudikirani mpaka manyazi," akutero Esnati, osandiyang'ana. Ndikufotokoza za Lachisanu ndi Loweruka. Waseka mpaka kupukuta misozi, koma sananene kuti wandikhululukira.

Mphatso zagawidwa. A Phiri wotchi. Ine masokosi aubweya, kunja kukuwotcha chonchi.

Ndawavala.